Kodi kukhala chete pa malonda n'kunama? Mtsutso wa Aroma akale pa nkhani ya tirigu

Funso

Ndine mayi wochita geni ya chimanga. Ndimagula m'midzi nthawi yokolola n'kusunga, kenaka ndimagulitsa miyezi ya njala. Mlamu wanga woyendetsa mathiraki wandiuza kuti sabata ikubwerayi kufika chimanga chambiri chotsika mtengo. Anzanga pamsika sakudziwa, ogula sakudziwanso. Ndikakhala chete ndigulitsa matumba anga onse pa mtengo wabwino, koma ndikaulula mwina ndidya mpamba. Komanso matumba ena anayamba kufumbwa pansi. Mwana wanga amene ali ku koleji akuti anthu anzeru a ku Roma anakambapo za zoterezi. N'zoona? Nanga anati chiyani? Ine ndimaona ngati kukhala chete si kunama.

Yankho

Mayi, mwana wanuyo wanena zoona. Funso lanu linalembedwa pafupifupi mmene mwalifunsiramu zaka zoposa 2,000 zapitazo, kungoti m'malo mwa chimanga munali tirigu, m'malo mwa mathiraki munali zombo. Analilemba ndi Marcus Tullius Cicero, loya wotchuka wa ku Roma, yemwe m'chaka cha 63 BC (Yesu asanabadwe) anali consul, udindo waukulu koposa m'boma la nthawiyo. Chakumapeto kwa 44 BC, patangopita miyezi yochepa Julius Caesar, wolamulira wa Roma, ataphedwa, Cicero analembera mwana wake Marcus, mnyamata wa zaka 21 amene ankaphunzira ku Athens m'dziko la Greece, buku lotchedwa De Officiis, lofotokoza udindo wa munthu kwa anthu anzake. Sanakhalitsenso atalemba bukuli, pakuti anaphedwa pa 7 December 43 BC.

Ndikuuzirenitu pamene ine ndaima. Pa matumba ofumbwawo palibe chokambirana, muyenera kunena. Pa za mathiraki pali mtsutso weniweni, ndipo anthu anzeru, ena mwa iwo oopa Mulungu, anasiyana maganizo. Koma ngati wogulayo ndi munthu wanjala, ine ndili mbali ya Cicero, amene anati muuzeni.

Cicero sankalankhula zongoganizira. M'chaka cha 75 BC anatumizidwa kukagwira ntchito ya boma ku Sicily, chilumba chimene chinkadyetsa mzinda wa Roma, ndipo anatumiza tirigu wambiri kwawo panthawi imene chakudya chinkasowa. Mu 57 BC, mitengo itakwera anthu n'kuyamba kuchita zipolowe, ndi iye amene anapempha kuti Pompey, mkulu wa asilikali, apatsidwe mphamvu zoyang'anira tirigu kwa zaka zisanu. Ankadziwa mmene mzinda umakhalira ufa ukasowa.

Nkhani yake ili motere. Pachilumba cha Rhodes pagwa njala, tirigu wakwera mtengo koopsa. Munthu wina wamalonda, ndipo Cicero akutsindika kuti ndi munthu wabwino, wanyamula tirigu wambiri kuchokera ku Alexandria, m'dziko la Egypt. Akudziwa kuti amalonda ena ambiri anyamuka kudoko lomwelo, ndipo m'njira waziona ndi maso ake zombo zodzaza tirigu zikulunjika ku Rhodes. Iye wafika poyamba. Kodi awauze anthu a ku Rhodes, kapena akhale chete agulitse pa mtengo wokwera? Amene amawerenga Machitidwe a Atumwi akumbukira kuti Paulo anakwerapo chombo cha ku Alexandria chonyamula tirigu, chija anachita kutaya tirigu m'nyanja chisanasweke. Malonda ake anali omwewa, oika moyo pachiswe.

Cicero anaika funsoli pakamwa pa aphunzitsi awiri a gulu la Asitoiki, lomwe lija linatsutsana ndi Paulo ku Athens. Asitoiki ankaphunzitsa kuti khalidwe labwino ndilo chuma chokha chenicheni, ndiponso kuti anthu onse anabadwira kuthandizana. Mmodzi anali Diogenes wa ku Babylon, amene anafika ku Roma mu 155 BC monga nthumwi ya anthu a ku Athens. Winayo anali wophunzira wake, Antipater wa ku Tarsus. Onse awiri ankakhulupirira zofanana, koma pa tiriguyu sanagwirizane.

Diogenes ankanena zimene inu mwanenazi. Wogulitsa aulule chilema cha katundu wake monga lamulo likufunira, asachite chinyengo, koma poti wabwera kudzagulitsa, agulitse pa mtengo wabwino umene angaupeze. Wamalondayo angathe kunena kuti ndabweretsa katundu wanga, ndamuyala poyera, sindikugulitsa modula kuposa anzanga, mwinanso motsikirapo, ndiye ndalakwira ndani? Antipater anamuyankha kuti iwe unabadwa pansi pa lamulo lakuti ubwino wako ukhale ubwino wa onse ndipo ubwino wa onse ukhale wako, ndiye ubisira bwanji anthu anzako kuti chithandizo chili m'njira? Diogenes sanagonje. Anati kubisa n'kwina, kukhala chete n'kwinanso. Panopa sindikukuuza za chikhalidwe cha milungu kapena za cholinga cha moyo, zinthu zimene zingakupindulire kuposa tirigu wotchipa, koma sunganene kuti ndikukubisira, chifukwa si chilichonse chimene chingakuthandize chimene ine ndili wokakamizika kukuuza. Antipater atamukumbutsa za ubale wa anthu onse, Diogenes anati ubalewo ndikuukumbukira, koma kodi ukutanthauza kuti munthu asakhale ndi chake? Ngati ndi choncho, tisamagulitsenso kanthu, tizingogawa ulere.

Mawu omalizawa ndi olemera, musawapeputse. Ife timati malonda ndi m'maso, ndipo Diogenes akanavomera.

Kenaka Cicero anawonjezera chitsanzo chachiwiri, ndipo apa mpamene matumba anu ofumbwa akulowa. Munthu akugulitsa nyumba imene iye yekha akudziwa zovuta zake: imadwalitsa anthu ngakhale anthu amaiyesa yabwino, njoka zimatuluka m'zipinda zonse zogona, mitengo yake ndi yoola moti ikhoza kugwa. Antipater anati kusanena kuli ngati kusamuonetsa njira munthu wosochera, chinthu chimene ku Athens ankachitemberera pagulu, ndipo n'koipa kuposa pamenepo chifukwa ukumusocheretsa dala. Diogenes anati kodi ndinakukakamiza kugula? Ine ndinagulitsa chimene sindinkachifuna, iwe unagula chimene unachikonda. Ndani angauze woitanira malonda kuti azifuula kuti nayi nyumba yodwalitsa?

Atawamvetsera onse, Cicero anagamula kuti wa tirigu uja sanayenere kubisira anthu a ku Rhodes, ndipo wa nyumba sanayenere kubisira ogula. Anavomereza kuti si kukhala chete kulikonse kumene kuli kubisa. Kubisa, malinga ndi iye, ndi pamene ukufuna kuti anthu amene chinthucho chikuwakhudza asachidziwe, n'cholinga choti iwe upindule. Pamenepa ndiye pagona yankho la funso lanu. Simukunama pakamwa, zoona. Koma dzifunseni chifukwa chimene mukukhalira chete. Ngati phindu lanu likudalira kuti mnzanuyo akhalebe mumdima pa nkhani imene ikukhudza chakudya cha ana ake, Cicero akuti kumeneko n'kubisa, ndipo munthu wachilungamo sachita zimenezo.

Pali nkhani ina imene anaisimba yosonyeza pamene chinyengo chimafika chikakula. Munthu wolemera wa ku Roma, Gaius Canius, anapita ku Syracuse, mzinda wa pachilumba cha Sicily, kukapuma, n'kumauza anthu kuti akufuna kugula kamunda kokhala ndi nyumba kochezerako ndi anzake. Mwini banki wina, Pythius, anamuuza kuti malo ake a m'mbali mwa nyanja sakugulitsa, koma abwere mawa adzadye naye. Pythius anaitana asodzi n'kuwapempha kuti tsiku limenelo adzasodze kutsogolo kwa malo akewo. Canius pofika anapeza mabwato ali mbwee, msodzi aliyense akubwera kudzakhuthula nsomba pamapazi a Pythius. Atafunsa, anauzidwa kuti nsomba zonse za ku Syracuse zili pano, madzi akumwa amatunganso pano, asodziwa sangachite popanda malo ano. Canius mtima unali dyokodyoko, anachonderera kuti amugulitse. Pythius anayamba wakanakana, kenaka anavomera pa mtengo umene iye ankafuna. Mawa lake Canius anaitana anzake, analawirira, koma panyanja panalibe ngakhale bwato limodzi. Atafunsa woyandikana naye ngati asodzi ali patchuthi, anamuyankha kuti kuno sikusodza munthu, nanenso dzulo ndimadabwa kuti kwagwanji.

Canius analibe kokadandaula, chifukwa nthawi imeneyo lamulo lolanga chinyengo chotere linali lisanakhazikitsidwe. Analikonza pambuyo pake ndi mnzake wa Cicero, Gaius Aquilius Gallus, amene ankati chinyengo ndi pamene munthu akuonetsa china koma akuchita china. Kuika chimanga chabwino pamwamba, chofumbwa pansi, n'kusoka thumba, ndi ntchito ya Pythius yeniyeni. Chimodzimodzi kunyowetsa chimanga kuti chilemere, kupotoza sikelo, kuphwanya ndowa pansi, kapena kuuza wogula kuti tengani lero mawa chikwera pamene mukudziwa kuti chitsika. Pa zimenezi ngakhale Diogenes sakanakuikirani kumbuyo.

Makhoti a ku Roma nawonso anafika polanga kukhala chete. Ansembe amene ankaima paphiri la Capitol kuyang'ana kauluke ka mbalame, pofuna kudziwa chifuniro cha milungu yawo, analamula Claudius Centumalus kuti agumule mbali ya nyumba yake ya paphiri la Caelian chifukwa inkawatchinga. Iye anangoigulitsa msanga kwa Publius Calpurnius Lanarius osatchula za lamulolo. Wogulayo atalandira lamulo lomwelo anagumula, kenaka anazindikira kuti mwini wakale ankadziwa. Woweruza, Marcus Cato, anagamula kuti poti wogulitsa ankadziwa koma sananene, alipire zimene mnzakeyo wataya. Claudius sananame ngakhale liwu limodzi, komabe mlandu unamugwera. Ndiyenera kunenanso, ndipo n'zopweteka, kuti malamulo ena oulula zilema anali okhudza kugulitsa akapolo: wogulitsa ankayenera kunena ngati kapoloyo ndi wodwala kapena wothawathawa. Anthu amene ankasamala chotere za wogula sankaona kuti wogulitsidwayo ndi munthu mnzawo.

Mwina mukuti zonsezi n'zabwino, koma munthu wochita zimenezo ndi wopusa. Cicero ankadziwa kuti anthu adzatero. Anasimba za Quintus Scaevola amene pogula munda anapempha mwini wake kuti atchule mtengo kamodzi kokha. Atautchula, Scaevola anati mundawu ndi woposa pamenepo, n'kuwonjezera ndalama 100,000 za ku Roma zotchedwa sesterce. Aliyense ankavomereza kuti anachita ngati munthu wabwino, koma ankakana kuti anachita ngati munthu wanzeru. Kwa Cicero, kulekanitsa kumeneku, kuganiza kuti wabwino ndi wina ndipo wanzeru ndi winanso, ndiko kunawononga dziko lake. Mfundo ya gawo lonse lachitatu la bukuli ndi yakuti chinthu chosalungama sichingakhale chopindulitsa, chimangooneka ngati chopindulitsa. Ankalemba izi akuona zimene kufuna mphamvu kwa Caesar kunachita ku boma limene iye analitumikira moyo wake wonse.

Ndipo sankanena za kuopa kugwidwa. Anabwereka kwa Plato, munthu wanzeru wa ku Greece, nthano ya Gyges, mbusa amene anapeza mphete yomuchititsa kusaoneka, n'kuigwiritsa ntchito kupha mfumu ndi kulanda ufumu. Funso lake linali lakuti, mutadziwa kuti palibe munthu kapena mulungu amene adzadziwe, mungachite? Inu muli pamalo otero ndithu, pakuti palibe amene adzadziwe kuti mlamu wanu anakutsinani khutu.

Tsopano mbali inayo, chifukwa sindikufuna kukubisirani zimene zikutsutsa maganizo anga. Thomas Aquinas, mphunzitsi wamkulu wa Chikatolika amene anamwalira mu 1274, anatenga chitsanzo chomwechi cha tirigu m'buku lake Summa Theologiae. Iye anati chilema chobisika chimene chingavulaze kapena kuluzitsa wogula chiyenera kuululidwa, koma wogulitsa pa mtengo umene waupeza pamsika sakuphwanya chilungamo akapanda kunena za amalonda amene akubwera m'mbuyo. Anawonjezera kuti akanena, kapena akatsitsa mtengo, ndiye kuti wachita ukoma woposa. Kusiyanitsa kwake kuli ndi nzeru. Chilema chili m'katundu lero lomwe, pamene kutsika kwa mtengo n'kwa m'tsogolo. Komanso wamalonda amene anafika poyamba ku Rhodes anachita chinthu chabwino, anabweretsa chakudya kumene kunalibe, ndipo ngati ofulumira sapeza mphotho, ndani adzafulumire chaka chamawa? Inunso munaika ndalama zanu, munagula mankhwala ndi matumba, munalipira mayendedwe ndi malo osungira, munadikira miyezi. Phindu limenelo ndi lanu, ndipo simuyenera kuchita nalo manyazi.

Cicero mwiniyo sanaletse munthu kudzifunira zabwino. Anagwira mawu a Chrysippus, Msitoiki wina, akuti wothamanga pa mpikisano ayesetse ndi mphamvu zonse kuti apambane, koma asapinge mnzake mwendo kapena kumukankha. Onaninso kuti sananene kuti wa tirigu uja atsitse mtengo kapena agawe ulere. Anangoti asabise. Anthu amene agona ndi njala masiku atatu adzagulabe lero ngakhale atamva kuti zombo zifika mawa, kungoti adzagula wa masiku ochepa m'malo mokhuthula chuma chawo chonse.

Pali chinthu china m'bukuli chimene mwana wanu akachipeza chidzamuwawa, choncho ndibwino muchimve kwa ine. Cicero ankanyoza amalonda ang'onoang'ono, ogula kwa amalonda aakulu n'kugulitsa pompopompo, ponena kuti sangapeze phindu popanda kunama kwambiri. Ankalemekezako amalonda aakulu oitanitsa katundu kutali, ndipo ulimi ndiwo ankauika pamwamba pa zonse. Apa analankhula ngati munthu wa minda ndi nyumba zambiri amene sanakhalepo padzuwa kudikira kasitomala. Ine ndikukana zimenezo. Amayi a pamsika amene amadziwika kuti ndowa yawo ndi yodzaza ndipo mawu awo ndi amodzi alipo ambiri, ndipo kufunsa kwanu kukusonyeza kuti chikumbumtima chanu chili maso.

Nanga muchite chiyani? Yambani ndi kusiyanitsa zimene mukudziwa ndi zimene mwangomva. Wa tirigu uja anaona zombo ndi maso ake. Inu mwamva kwa mlamu wanu, ndipo thiraki ikhoza kuchedwa, kuwonongeka, kapena kukhotera kwina. Simuli wokakamizika kulengeza pamsika wonse chinthu chimene chingalephereke, ndipo mukachinena ngati chotsimikizika anthu n'kudikira pachabe, mwawalakwiranso. Chineneni mmene chilili, kuti ndamva kwa munthu wodalirika kuti chimanga chikubwera. Wina akakufunsani maso ndi maso ngati mtengo utsike, musayankhe kuti simukudziwa kanthu, chifukwa pamenepo mwachoka pa kukhala chete mwalowa m'bodza.

Kenaka yang'anani amene waima patsogolo panu. Venda mnzanu wogula matumba kuti akagulitse ali pa mpikisano womwewo ndi inu, ali ndi makutu ake ndi azilamu ake, ndipo amadziwa kuti mitengo imakwera ndi kutsika. Kwa ameneyo ndikuona kuti Aquinas akulondola: musamunamize, musamukakamize ndi mawu onyenga, koma simuli ndi ngongole yomupatsa nkhani zanu zonse. Ndi zosiyana ndi agogo amene agulitsa mbuzi yawo yomaliza, kapena bambo amene watenga katapila kuti agule thumba lathunthu poopa kuti mwezi wamawa sadzakwanitsa. Anthu amenewa akugula ndi mantha, ndipo inu muli ndi mawu amene angachotse manthawo. Phindu limene mungapeze pa iwo silikuchokera ku khama lanu losunga chimanga, likuchokera ku kusadziwa kwawo. N'chifukwa chake Cicero sanaike nkhani yake pa msika wamba, anaiika pa chilumba cha njala. Auzeni kuti tengani ndowa imodzi yokha ya sabata ino, zinazo dikirani kaye muone. Mudzagulitsa zochepa kwa iwo tsiku limenelo, ndipo mwina simudzabwezeredwa ndi china chilichonse. Sindikulonjezani kuti kuona mtima kudzakulemeretsani, pakuti Asitoiki eniake sankalonjeza zimenezo. Ankati munthu amachita cholungama chifukwa ndi cholungama.

Za mpamba, pali njira zoutetezera zosafuna kubisa. Tsitsani mtengo pang'ono kuyambira lero kuti katundu ayende msanga, poti mukudziwa kuti nthawi yafupika. Werengani bwino ndalama zimene munalowetsa pa thumba lililonse kuti mudziwe pamene mungafike osaluza. Matumba ofumbwawo akhuthuleni, mupete, mupatule chabwino ndi chowonongeka. Chofumbwacho chiikeni pachokha pa mtengo wake, thumba lili chitsegulire kuti wogula alowetse dzanja mpaka pansi, ndipo oweta nkhuku ndi nkhumba akhoza kuchigula akudziwa chimene akugula. Chimene chachita nkhungu musagulitse kuti anthu adye ngakhale pa mtengo wotsika bwanji, ndipo musapatsenso ziweto, chifukwa chuku china cha m'chimanga chimakhala ndi poizoni wowononga chiwindi amene sachoka ndi kuphika.